Timabotolo ta a Mawotchi

Bambo anga akonza mawotchi zaka makumi atatu ndi zisanu m'kachipinda kopanikizika pakati pa sitolo ya nsapato ndi malo ometera tsitsi. Anthu a mumsewumo amangowatchula kuti a Mawotchi. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wa zala zoleza mtima, koma za kukhitchini ankangozimvera kutali. Ngakhale pamene pamakhala mchere m'nyumba yawoyawo sankapadziwa.

Mayi atatuluka m'chipatala, matenda anali atawasiya, koma atawalanda fungo ndi kukoma. Chilichonse ankati chikumveka ngati pepala lonyowa. Ankadya masipuni awiri n'kukankha mbale, ndipo madiresi anayamba kuwakulira. Adokotala sanapite m'mbali: akapanda kudya abwerera pabedi lomwe lija. Anati tiyesere zokometsera zamphamvu, mwina lilime n'kudzuka.

Ine ndinangolira. Bambo anavala jekete n'kupita kugolosale yapafupi, kumene anakokolola timapaketi tonse ta zokometsera zogayagaya. Tinathira m'supu, mumpunga, m'tiyi momwe. Mayi sanamve kanthu. Ndinawauza bambo kuti asiye, akungodzitopetsa, ndipo ndinanena mwaukali chifukwa cha mantha.

M'mawa mwake anakwera mabasi awiri kukasaka kasitolo kena kamene wometa tsitsi woyandikana nawo kuntchito anawalozera, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Mwini wake anali mayi wamfupi, wosachedwa kupsa mtima. Ananunkhiza paketi imene bambo anatenga, n'kuwafunsa ngati akudyetsa mkazi wawo fumbi. Anati zogayagaya zimatha mphamvu zikadali pashelefu. Anawapatsa makungwa a sinamoni, tsabola wakuda wosagaya, jinja wouma, chikasu chamizu ndi timbewu tina tonunkhira timene mayina ake bambo anachita kulemba padzanja. Anawalangiza kuti azikazinga pamoto wochepa, n'kusinja zongokwanira tsikulo.

Apa m'pamene ntchito yawo inalowa m'khitchini mwathu. Anabweretsa timabotolo timene ankasungiramo tizitsulo ta mawotchi, anatitsuka katatu, n'kumata kapepala pa kalikonse: dzina ndi tsiku logula. Anatindandalika m'kabati yamdima, kutali ndi chitofu, ndipo ine anandiletsa kutsegula ndi manja onyowa. Timbewu ankatitola ndi kopanira kawo ka kuntchito, kamodzikamodzi, galasi lili padiso. Ndinkaseka, koma mumtima zinkandikhudza.

Panapita milungu isanu. Chokometsera china chitasowa kusitoloko, anabwerera katatu mpaka mwini wakeyo anachita kuwaitanitsira kuti apume. Kuntchito anayamba kununkhira sinamoni, wometa tsitsi n'kumawafunsa ngati masiku ano mawotchi amawaphika. Mayi ankangoonda. Tsiku lina anatopa nazo.

"Mukuvutikiranji, bambo? Ndisiyeni, zakanika basi."

"Sindinamalize," anatero bambo osakweza mawu. "Atsala mabotolo asanu ndi limodzi."

Lamlungu lina m'mawa bambo ankakazinga sinamoni m'chiwaya pamene mnansi wathu anagogoda, atanyamula wotchi yapakhoma yakufa. Munthu wa mawotchi sangaone wotchi yoima n'kuisiya. Anailandira pakhomo pomwepo, anaitembenuza, anaiika kukhutu, za chiwaya n'kuiwaliratu. Ine ndinali panja kuchapa. Mayi anali gone kuchipinda, chitseko chotseka.

"Kodi chikupserera n'chiyani kukhitchiniko?"

Anali mawu a mayi. Bambo anaima chilili, wotchi ili m'manja. Sanathamangire kuchiwaya. Anapita pachitseko cha kuchipinda n'kufunsa motsitsa ngati utsi walowa.

"Utsi wanji? Ndikumva fungo. Sinamoni ameneyo, mwamuwononga."

Ndinalowa ndi thovu m'manja, ndinaphula chiwaya chakuda bii, ndipo misozi imene inatsika sinali ya utsi wokha. Bambo anabwezera mnansi uja wotchi yake n'kumuuza kuti abwere nayo Lolemba kuntchito, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anakwecha chiwaya, anatsegula botolo lina, n'kuyambiranso, maso osachoka pamoto.

Tsiku limenelo mayi anadya theka la mbale. Ine ndinkafuna kuimbira abale onse foni, koma bambo anayang'anitsitsa chotsalacho n'kunena kuti mawa alawirira kukagula sinamoni wina, chifukwa theka ndi lochepa.