Pesito wa Adona ndi Poto wa Abambo Zuze

Sukulu ndinaisiyira mu Fomu 2. Musandifunse chifukwa, nkhani yake njotopetsa. Ntchito anandipezera ndi azakhali anga, amene ankagulitsa nsomba za ku Elephant Marsh pa nyumba ina ku Ngabu. M'nyumbamo munkakhala mayi wa ku Italy wogwira ntchito za ulimi wothirira. Tonse tinkangoti adona. Ankafuna mtsikana wothandiza kukhitchini, ine ndinapita.

Khukhi anali abambo Zuze, munthu wamkulu wa ku Nsanje, amene anaphikirapo azungu ambiri adona asanabwere. Chilichonse ankaphika, koma pesito ankakana kumukhudza. Pesito ndi msuzi wobiriwira wa masamba a bazili, kamtengo kofanana ndi mpungabwe koma konunkhira bwino. Saphikidwa. Abambo Zuze ankati masamba aawisi ndi chakudya cha mbuzi. Ndiye adona anaphunzitsa ine.

Masamba umathyola m'mawa dzuwa lisanapse, kutsuka ndi madzi owiritsa ozizira, n'kuyanika pansalu mpaka aume. Kamtondo kake n'kamwala, ndipo timayamba takaika m'firiji, chifukwa kuno kutentha kokha kumadetsa masamba. Umayamba ndi adyo ndi mchere, kenako mtedza wokazinga wosenda, kenako masamba pang'onopang'ono. Susinja ngati chimanga, umapera mozungulira. Pomaliza tchizi cholimba chopala ndi mafuta a olivi. Wotsala umaika m'botolo louma, kuthira mafuta pamwamba kuti mpweya usamufike, n'kutseka. Wofuna kukhalitsa umaumitsa m'timabokosi ta ayisi. Pa supageti umathira mphika utachoka pamoto, ndi timadzi pang'ono tomwe waphikira.

"Moto ayi, Esnati," ankatero adona. "Moto umamupha."

Tsiku lovuta linadza mu Okutobala. Bazili anali atachita maluwa ndi kutentha, masamba abwino atatsala ochepa. Kunkabwera alendo a nkhomaliro, ndipo adona analawirira kumunda. Ndinathyola masamba onse omaliza, ndinapera, pesito anatuluka wobiriwira bwinobwino. Magetsi anali atazima, choncho ndinavindikira mbale n'kukwera kabaza kukafuna ayisi kumsika.

Pobwera ndinamva fungo ndili pakhomo. Abambo Zuze anali atakhuthulira pesito yense m'poto, aikamo tomato ndi anyezi, akutakasa. Pesitoyo anali wakuda ngati matope a m'dambo, tchizi chitaundana pansi.

"Abambo, mwatani?"

"Nkhabe, ayi, mwanawe. Anthu akutsegula m'mimba mudzi wonse uno, iwe ufuna alendo adye zaziwisi? Akadwala adzatchula ine, osati iwe."

Sankachita nkhanza. Ankakhulupiriradi kuti akupulumutsa anthu. Koma masamba ena kunalibe.

Adona analowa kukhitchini ndi mlendo mmodzi, akumuuza za pesito wa mtsikana wawo. Adonawo anasuzumira m'poto, kenako anafunsa kuti wachita ndani. Abambo Zuze anayang'ana pansi. Ankadikira kuti ine, mwana, ndinyamule mlanduwo, monga zimakhalira. Ine ndinaloza ndi chala.

"Ndi awa. Ndinawasiyira ali bwino."

Alendo anadya supageti wa tomato, ndipo palibe amene anafa. Koma kuyambira tsikulo mlonda sankandiyankha moni. Wa m'dimba anasiya kuthirira mbande za bazili. Abambo Zuze ankandilankhula kudzera mwa mlonda: "Muwauze a ku Italy awo achotse mbale zawo." Nkhani inafika mpaka kwa azakhali, kuti ndinaloza munthu wamkulu pamaso pa mzungu. Iwonso anandikalipira.

Mwezi usanathe adona anandiitana pakhonde. Anati ndine wogwira ntchito bwino, koma m'nyumba mukufunika mtendere, ndipo khukhi wina sangamupeze msanga. Ntchito yanga inathera pomwepo. Anandipatsa mbewu za bazili m'kapepala ngati mphatso. Ndinalandira, sindinathokoze.

Chimene ndinatolapo n'chakuti kukhitchini safunsa amene walondola, amafunsa amene angachoke mosavuta. Ndipo amene angachoke mosavuta ndi amene wabwera kumene.

Mbewuzo ndinadzala kuseri kwa bafa kwathu, kumene kumapita madzi. Zinamera. Nthawi zina ndimapera pesito ndi mtedza ndi mafuta wamba ophikira, popanda tchizi, n'kuthira pa mbatata yophika. Sabata yatha ndinasiya mbale ya pesito pakhonde n'kupita kukatunga madzi. Pobwera ndinapeza amayi aiteleka pambaula.

"Unaiwala kuphika ndiwo zako," anatero.

Sindinaloze munthu. Ndinangotenga supuni.