Sindinapondepo pa Mbenji

Tsiku limenelo tinkavuula chinangwa. Kwathu kunali kutsidya kwa nyanja, ku Mozambiki, m'mudzi wa m'mphepete mwa madzi. Ine ndinali kamtsikana kosatha msinkhu. Amayi anali m'madzi ofika m'mawondo, akundipatsira chinangwa chofewa, ine ndikuika m'dengu. Kunkazizira. Inali nyengo ya mwera.

Mfuti yoyamba ndinaiyesa nsungwi yophulika pamoto. Yachiwiri inalira kufupi ndi tchalitchi. Nkhuku zinabalalika. Amayi anataya chinangwa chinali m'manja, nandigwira pamkono moti zala zawo zinadinda.

Anthu a mfutiwo sindinawaone nkhope. Musandifunse kuti anali a mbali iti. Ndinaona utsi padenga la nyumba ya aphunzitsi. Ndinaona mbuzi ikuthamanga ndi chingwe chake. Basi.

Aliyense anathamangira kugombe. Kunali boti limodzi lokha la thanga, la a Jafali, anansi athu achisilamu amene ankaolotsa anthu ndi katundu. Bambo anatulukira atabereka mlongo wanga wamng'ono, Mateyu. Chipolopolo chinali chitamulasa pantchafu. Anamugoneka pamiyendo pa amayi, nandikweza ine ngati thumba la ufa. Kenaka anakankha botilo mpaka madzi anawafika pachifuwa. Tinkayesa akwera. Iwo anabwerera kumtunda kukatenga ana a mng'ono wawo. Malaya awo anali a mizeremizere, ong'ambika paphewa.

A Jafali sanadikire. Sindiwaimba mlandu.

Botilo linadzaza thothotho, ambiri tinali akazi ndi ana. Madzi ankalowa pamng'alu wa pansi. Ntchito yanga inali kukapa ndi chitini cha mafuta ophikira. Ndinakapa mpaka manja anachita dzanzi. Amayi anamanga ntchafu ya Mateyu ndi duku lawo. Dukulo linali loyera. Pofika masana linali litada.

Dzuwa litapendeka tinaona chilumba cha miyala ndi mitengo, ndi utsi wa asodzi. Thanga linali litang'ambika. Madzi anali atatipitirira m'akakolo. A Jafali anati ndi Mbenji, dziko la Malawi, koma nkhope yawo sinamasuke. Ankadziwa chimene ife sitinkadziwa.

Pa Mbenji mkazi saponda. Mowa sufikapo, juga satchova, ndewu salola. Chilumbacho chili ndi eni ake, mizimu ya makolo, ndipo asodzi amati lamulo likasweka njoka zimatuluka m'miyala, utaka n'kuthawa. Nyengo ya mvula amachitseka, aliyense n'kuchokapo kuti nsomba ziswane. Zonsezi ndinazidziwa pambuyo pake. Tsiku limenelo ndinangoona amuna akuthamangira kumadzi, akutibweza ndi manja.

Ndinapsa mtima. Ndinali mwana, koma ndinapsa mtima koopsa. Mchenga unali pomwepo, woti ndikadumpha ndiuponda, koma anthu akuluakulu, a ndevu zawo, akutikaniza.

Asodziwo anayamba kukangana. Ena ankati tipitirire kumtunda wa ku Salima. A Jafali anawaonetsa madzi a m'boti, nawauza kuti tikachoka pamenepo adzatitola mawa tili mitembo. Mnyamata wina anati malamulo adikire, akaziwa atsike. Mawu anakwera. Mnzake anamukungira nkhonya.

Pamenepo panafika a Lufeyo, bambo aafupi adazi amene ankayang'anira mwambo wa pachilumbapo. M'manja anali akadali ndi ulusi wosokera ukonde. Anamuyang'ana wa nkhonya uja mpaka dzanja linatsika lokha. Sanakweze mawu. Anati munthu wothawa imfa sabwezedwa, ndipo mkazi pa Mbenji saponda, ndipo zonse ziwirizi zitheka lero lomwe.

Analowa m'madzi ndi zovala zomwe. Anagwira boti lathu kumutu. Ena anatsatira. Analikokera kuseri kwa thanthwe kumene mphepo inkachepa, nabweretsa boti lawo lalikulu, louma bwino, atachotsamo ukonde. Anatisamutsa mmodzimmodzi, kuchoka m'boti kulowa m'boti. Palibe phazi la mkazi linakhudza pansi.

Amuna ndi anyamata anauzidwa kuti atsike akaothe moto. Asodzi awiri anabwera kudzanyamula Mateyu. Amayi anamukumbatira.

"M'mawa uno ndasiya mmodzi pagombe," anatero. "Uyu sindimusiya."

A Lufeyo anawauza kuti mwanayo wazizidwa, akufunika moto ndi madzi otentha. Amayi anangopukusa mutu. Milomo ya Mateyu inali itatuwa ngati phulusa. Anali atasiya kubuula, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kubuulako.

"Chabwino, mayi," anatero a Lufeyo. "Moto ubwera konkuno."

Anadzaza mchenga m'beseni lachitsulo, naikapo makala a moto. Munthu analisenza pamutu, madzi ali m'khosi. Anabweretsanso mphika, mchere ndi bulangete lonunkha nsomba. Msodzi wina wodziwa za mabala anatsuka ntchafu ya Mateyu ndi madzi amchere. Mateyu anakuwa. Amayi anathokoza Mulungu kuti mwana akukuwa. Ine ndinapisa chala mumchenga wa m'besenimo. Unali wofunda.

A Lufeyo anakwera okha kumiyala ndi ufa pang'ono m'dzanja. Mphepo inkatibweretsera mawu awo. Ankauza eni chilumba kuti kwafika alendo, athawa nkhondo, sanaponde, awasunge. Ankalankhula ngati munthu wouza mnansi wake za pakhomo. Atabwerera, Akhristu anapemphera pamchenga, a Jafali ndi anzawo anaswali pathanthwe. Palibe anaseka mnzake.

Vuto linatsala ndi mafunde. Ankazungulira thanthwe lija n'kukankhira boti kumiyala. Nangula sankagwira. Chingwe chinaduka. Ndiye asodzi anagawana. Ena ankaima m'madzi, mapewa atatsamiza kuboti, ena akuotha moto kumtunda. Akazizidwa ankasinthana. Mnyamata wa nkhonya uja anaima moyandikana ndi yemwe ankafuna kumumenya. Mano awo ankagundana ine ndikumva.

Mkodzo unandigwira, ndipo sindinali ndekha. Amayi ananong'oneza a Lufeyo. Iwo analamula kuti amuna onse ayang'ane kuchilumba. Anatembenuka onse pamodzi, misana ili kuboti, manja osataya. Agogo ena m'botimo anaseka. Kunali kuseka koyamba chichokere kwathu.

Wina anayambitsa nyimbo yokokera ukonde. Analigwira botilo choncho, akusinthana, mpaka kunacha.

M'mawa mwake nyanja inali bata. Linali tsiku labwino la utaka, koma ukonde sanaponye. Anatipalasa mpaka kumtunda. Pagombe akazi awo, amenenso sanapondepo pa Mbenji, anatilandira ndi zitenje zouma ndi phala. Inali nthawi ya chipani chimodzi ija, pamene munthu wopanda khadi ankavutika ngakhale kulowa mumsika. Ife palibe anatifunsa khadi. Mateyu anapita naye kuchipatala pangolo, amayi atamugwirabe dzanja.

Kwathu m'mawa umodzi wokha unakwana kugwetsa zonse zimene anthu ankazilemekeza, tchalitchi, manda, imvi za okalamba. Kuno ndinapeza anthu amene sanataye lamulo lawo, sanatitayenso ife. Ndiye inu obadwa pambuyo mukamandiuza kuti mwambo wa pa Mbenji ndi wachikale, ndimakumverani, mwina zina mukunena zoona. Koma ine mapewa aja ndinawaona ndi maso angawa.

Mateyu anachira, ngakhale amatsimphina. Anakula n'kukhala msodzi, ndipo nayenso wayang'anirapo mwambo pachilumba chomwecho. Amayi tinawaika m'manda ku Salima konkuno, atakalamba. Ine ndagulitsa utaka wa pa Mbenji moyo wanga wonse, ndaphunzitsa nawo ana, koma phazi langa silinapondepo.

Bambo sanabwere. Amayi ankafunsa boti lililonse lochokera kutsidya za munthu wa malaya a mizeremizere. Ana a mng'ono wa bambo aja anatipeza patapita miyezi, atayenda pansi kudzera ku Mangochi. Anati bambo anawafikitsa kuphiri, nawabisa m'phanga. Kenaka anabwerera kumudzi kukatenga ena.