Lamba Wabuluu wa Mkazi Wanga

Mkazi wanga atadwala sitiroko, achipatala anati mbali yawo yatha, ndimutenge. Tinkakhala awiriwiri ku Cosmo City, ku Joni, ine ndinkalawirira kuntchito, womuyang'anira masana panalibe. Ndinamupezera malo kunyumba ina yosungirako okalamba, ya kapinga wometa bwino ndi maluwa pakhomo. Mwa onse ogona mmenemo, wopanda imvi anali iye yekha.

Matendawo anamulanda dzanja lamanja ndi mawu ambiri, koma mwambo anamusiyira. Munthu wamkulu akalowa m'chipinda, kaya dokotala kaya abusa, iye ankatsetsereka pampando n'kugwada, monga anamulelera kwawo ku Ntcheu. Kudzuka ndiye kunkamukanika. Anesi akamupeza pansi ankalemba m'buku mwawo kuti wagwa.

Sabata yachitatu asisitala oyang'anira nyumbayo anandiitanira ku ofesi. Anali mayi wa mawu ofewa, mwa anthu aja amene amayamba amwetulira asanakuuze zoipa.

"Bhuti, mkazi wanu akugwa pafupipafupi," anatero, kunditchula achimwene m'chinenero chawo. "Tikufuna kumuteteza."

"Sakugwa, akugwada. Kwathu akulu timawalonjera choncho."

"Bondo likakhudza pansi, kuno timalemba kuti wagwa. Pafomu palibe malo a moni."

Anandikankhira pepala lovomereza kuti azimumanga pampando. Ine ndinapita ku koleji. Chingerezi cha papepalapo ndinachiwerenga chonse, mpaka ndinawakonzera dzina lake lomwe analilemba molakwika. Kenako ndinasaina.

Lambayo anali wansalu yabuluu, womangira kumbuyo kwa mpando kumene dzanja lake silikanafika. Iwo sankamutchula lamba, ankati chothandizira kukhala bwino. Mkazi wanga anayamba kumukoka, kulira, kumenya mpando. M'buku analemba kuti akuvuta. Dokotala, amene sanakhalepo naye nthawi yokwanira kumwa kapu ya tiyi, anawonjezera kapiritsi koyera ka m'mawa.

Apo ndiye anakhala wodwala wabwino kuposa onse. Ndikafika ndinkamupeza mutu uli pachifuwa, malovu pakolala.

"Mwaona mmene wakhazikikira?" ankandifunsa asisitala.

Thumba la ufa nalo limakhazikika pamene waliika. Sindinanene. Ndinkathokoza.

Apongozi anga, bambo ake, anatumiza uthenga kuti akubwera ku Joni pa basi. Masiku awiri panjira, munthu wodwala msana, kuti adzaone mwana wawo Lachiwiri n'kubwerera Lachitatu. Ndinkadziwa kuti ulendo wina sudzakhalapo. Ndinapempha asisitala kuti kapiritsi kaja akaimitse masiku awiri okha, mwana awazindikire bambo ake. Anati zimenezo n'za dokotala, ndipo dokotala amabwera Lachinayi.

Chinandithandiza ndi ulesi wawo. Wachibale akakhalapo nthawi ya mankhwala, nesi ankangomusiyira kakapu ka mapiritsi n'kuthamangira chipinda china. Lolemba ndi Lachiwiri ndinapempha tchuthi, ndinafika m'mamawa, ndinalandira kakapu. A kuthamanga kwa magazi ndinamumwetsa. Koyera kaja kanalowa m'thumba la malaya anga.

Apongozi analowa chipewa chili m'manja, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Mkazi wanga anadzutsa mutu, anawayang'ana, nayamba kulimbana ndi lamba. Mpando unagwedezeka. Iwo anazungulira kumbuyo, anaona mfundoyo, anaiyang'anitsitsa.

"Akamwini, mwanayu waba chiyani?"

"Akuti amagwa, bambo."

"Anavomereza zimenezi ndani?"

"Ndine."

Ndinamasula mfundoyo ndekha. Mkazi wanga anatsetsereka pang'onopang'ono, bondo limodzi, kenako linalo, dzanja lakufa lija akuligwirizira ndi lamoyo. Apongozi anakhala pansi pomwepo, pasimenti, ndi jekete lawo.

"Bambo," anatero iye. "Mwayenda... bwanji?"

"Ndayenda bwino, mayi. Kaya inu?"

Mkazi wanga anaseka. Ndinali ndisanamve kuseka kwake chidwalireni.

Nesi anasuzumira pakhomo, anagwira pakamwa, n'kuthamangira buku.

Apongozi atapita ndinakauza asisitala kuti siginecha yanga ndaibweza. Anamwetulira. Anati ndi ufulu wanga, koma popanda lamba sangamusunge, ndiyenera kumutengera kunyumba. Kunyumbako kunalibe munthu. Lamba anabwerera, kapiritsi nako.

Mkazi wanga anamwalira mvula isanayambe. Pondipatsa zovala zake anandipatsanso mapepala onse, osanjidwa bwino m'fayilo. Ndinafufuza tsamba la Lachiwiri lija. Analemba ndi dzanja lokongola kuti wodwala anapezeka pansi, sanavulale, achibale alangizidwa.