Nthungululu Kumbuyo kwa Majaji

Chimene ndimakumbukira kwambiri pa chaka chimenecho ndi makosi a majaji. Anthu asanu atakhala pamzere m'mphepete mwa bwalo la ayisi, atatifulatira, atafunda mabulangete m'miyendo, aliyense ndi kapu yake ya khofi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo makosi amenewo ndinkawawerenga bwino kuposa mabuku a kusukulu. Anthu akakuwa kumbuyo kwawo, khosi la jaji linkafewa, mutu n'kupendekeka pang'ono, dzanja n'kulemba. Anthu akakhala chete, khosi linkauma gwa. Munganene kuti ndi maganizo a mwana. Nenani. Sukulu ndinaisiyira panjira, inde, koma maso ndili nawo.

Mkulu wanga Tadala, amene anandiposa ndi zaka zitatu, ankasiketa. Kumeneko ndiko kuvina pa ayisi utavala nsapato zimene amayi ankazitcha za mipeni. Tinkakhala ku South Bend, ku America, ndipo nyengo yozizira yonse amayi ankatidzutsa mbandakucha, n'kutipaka mafuta m'masaya kuti tisatuwe, kenako n'kupala ayisi pagalasi la galimoto ndi chivindikiro cha kontena chifukwa chopalira chenicheni chinkangosowa. Ine ndinkapita nawo popeza panalibe wondisiya naye. Bwalolo linkanunkha mphira wa pansi, masokosi onyowa ndi utsi wa chimakina chosalaza ayisi. Azimayi a ana enawo ankakhala pagulu, akudyera limodzi ndi kunong'onezana. Amayi athu ankakhala kumapeto kwa benchi atavala yunifomu ya kunyumba yosamalira okalamba, akusinza, kudikira kuti shifiti iyambe. Ndikafunsa chifukwa chimene sitikhalira ndi enawo, ankangoti, “Kuno n'kwa eni ake. Khala phee.”

Phee ndinakhaladi, koma ndi kope. Mpikisano uliwonse ndinkalemba mayina a atsikana onse asanalowe pa ayisi, n'kuwaika pamndandanda momwe ndinkaganizira kuti atsiriza. Poyamba ndinkalosera potengera amene ankadumpha bwino, ndipo ndinkaphonya kwambiri. Kenako ndinazindikira kanthu. Malikisi ali pawiri. Ena ndi a kudumpha ndi kuzungulira, amene aliyense angaone ngati mwana watera bwino kapena wagwa chagada. Ena ndi a kukongola kwa kavinidwe ndi kuyenda limodzi ndi nyimbo, zimene palibe angaziyeze ndi rula. Mbava zinkabisala m'menemo. Mwana wa kalabu imene yaitana mpikisano, amene agogo ake ndi anzake akusukulu adzaza mabenchi, ankakongola mwadzidzidzi pamaso pa majaji. Nditayamba kukwezera mwana aliyense wa pakhomo malo amodzi kapena awiri, kope langa linasiya kunama. Mpaka aphunzitsi a Tadala, mayi wina wamtali wosaseka, ankasuzumiramo mwakabisira.

Chaka chimenecho mpikisano waukulu unali ku Indianapolis, ndipo atsikana anayi oyamba okha ndiwo ankapitirira ku gawo lotsatira. Amayi ananena poyera tikudya, osakweza mawu. “Tadala, ukapanda kudutsa ulendo uno, nsapatozi tikupachika. Msana wanga watopa, galimotonso yatopa.” Tadala anayankha m'Chingerezi, monga tinkachitira tonse awiri, kuti wamva. Sanalire. Anakakhala m'bafa nthawi yaitali madzi akungotuluka.

Ine ndinatsegula kope. Atatu oyamba anali odziwikiratu, panalibe zokambirana. Nkhondo inali pa malo achinayi, pakati pa Tadala ndi mtsikana wina wa kalabu ya ku Indianapolis komweko, wa tsitsi lofiira, amene ankagwa pafupifupi mpikisano uliwonse. Pa kudumpha Tadala ankamuposa kutali. Koma bwalo linali la kwawo kwa mtsikanayo. Ndinalemba mizere iwiri. Tadala popanda anthu, nambala faifi. Tadala ndi anthu, nambala folo. Ndipo anthu tinali nawo. Ku Indianapolis kunali Amalawi ambiri kuposa kwathu, ndipo wamkulu wa kwaya ya amayi kutchalitchi cha kumeneko, aNabanda a ku Lawrence, dera lina la mzindawo, anali mnzawo wa amayi kuyambira ku Malawi. Ndinatenga foni ya amayi n'kuwaimbira aNabanda ndekha, m'Chichewa changa chothyokathyoka. Ndinawauza kuti majaji amakondera mwana amene anthu ake akuchita phokoso. Anaseka mpaka kutsokomola. “Phokoso basi? Mwanawe, ukufunsa ife za phokoso? Uwauze amayi ako aphike tiyi wambiri.”

Chimene sindinawauze ndi nthawi yochitira phokosolo. Sindinkadziwa kuti pali nthawi yake.

Tinayenda maola pafupifupi atatu pakati pa minda ya chimanga yokololedwa, yoyera ndi sinowo. Tinaima pa Lafayette Road kuti amayi agule ufa ndi usipa wouma, poti ulendo wa ku Indianapolis sunkatha popanda zimenezo, ndipo galimoto yonse inanunkha nsomba pamodzi ndi diresi ya Tadala. Pabwalo tinapeza vani ya tchalitchi itafika kale. Azimayi khumi ndi awiri anatsika, zitenje atamanga pamwamba pa majekete, atanyamula mandasi m'beseni. Sanaonepo munthu akusiketa chibadwire. Ine ndi amene ndinawasonyeza pokhala: mzere woyamba, kumbuyo kwenikweni kwa makosi aja.

Mtsikana wa tsitsi lofiira analowa poyamba. Anthu ake anakuwa dzina lake, kenako nyimbo itayamba anakhala chete ngati m'tchalitchi. Akatera, m'manja pha pha pha, n'kusiya. Pa kudumpha kwachitatu anagwa, n'kutsetsereka ndi matako mpaka pafupi ndi khoma. Anthu ake anawomba m'manja kwambiri kuposa pamene anatera bwino. Ndinayang'ana makosi. Anali ofewa ngati mkate.

Kenako anaitana Tadala. Nyimbo yake inali ya piyano, yapansipansi, ndipo iye ankawerengera chilichonse pa nyimboyo. Ankadziwa kuti piyano ikatsika apa ndiye akhote, ikakwera apo ndiye adumphe. Anadumpha koyamba n'kutera mwaukhondo, mwendo uli tambalale kumbuyo. ANabanda anaimirira n'kuimba nthungululu. Bwalo la ayisi ndi chinyumba chachitsulo, mawu amabwerera kanayi. Ena khumi ndi mmodzi aja anaimirira nawo, ndipo popeza kwathu chimwemwe sichithera panjira, nthungululu inasanduka nyimbo, ya pa ukwati, yokhala ndi m'manja mwake ndi mapazi ake pa mabenchi achitsulo. Piyano inamira. Ndinaona Tadala akupendeketsa mutu pokhota, ngati munthu amene akufunafuna mawu a mnzake pamsika. Jaji wina, bambo wa dazi, anachita chimene sindinaonepo jaji akuchita. Anatembenuka. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, kuchokera pa zitenje mpaka pa beseni la mandasi, n'kubwerera ku pepala lake. Amayi anakoka chitenje cha aNabanda kuti akhale pansi. ANabanda anati, “Tasiyeni inu, mwana akuuluka uyu!”

Anaulukadi. Sanagwe ngakhale kamodzi. Koma piyano itatha, Tadala anali akadazungulira pakati pa bwalo, ndipo anazungulirabe kanthawi ndithu nyimbo yake kulibe, akuvinira m'manja mwa amayi a ku Lawrence.

Zotsatira anazimata pakhoma pafupi ndi zimbudzi. Wa tsitsi lofiira nambala folo. Tadala nambala faifi, motsalira pang'ono kwambiri, ndipo kutsalirako kunali m'malikisi aja osayezeka ndi rula. Aphunzitsi ake anandiyang'ana ine, osati iye, n'kunena kuti munthu sangayende ndi nyimbo imene sakuimva. ANabanda anati majajiwo ndi atsankho, zinkaonekera pa dazi paja. Amayi anagawa mandasi otsala pamalo oimika magalimoto, anathokoza mayi aliyense pomugwira dzanja ndi manja awiri, ndipo titafika kunyumba anatenga nsapato za mipeni n'kuziika pamwamba pa wadirobu, kumbuyo kwa masutikesi opitira ku Malawi.

Panopa ndimagwira ntchito yonyamula makatoni, ndipo mpikisano ukamaonetsedwa pa TV ndimaloserabe. Ndimangofunsa kuti ukuchitikira m'dziko la ndani, ndipo kawirikawiri ndimalondola. Majaji sindiwakhulupirira ndipo sindidzawakhulupirira. Mtsikana amene anasesa ayisi ndi matako anadutsa, amene sanagwe anatsala. Phokoso la eni ake linali chikondi, lathu linali chisokonezo. Zimenezo ndimazinena mokweza kwa aliyense. Zimene sindinena mokweza ndi zakuti eni ake aja ankadziwa pokhala chete, ndipo amene anaika azimayi khumi ndi awiri kumbuyo kwa majaji ndine.

Tadala ndi namwino tsopano, ku Indianapolis konko, ndipo amaimba mu kwaya ya aNabanda. Ndinamufunsa kamodzi kokha, tikutsuka mbale, ngati akuganiza kuti anamubera. Anayankha m'Chichewa, zimene sachita kawirikawiri ndi ine. Anati, “Sindikudziwa. Nyimbo yanga sindinaimve. Koma linali tsiku loyamba kumva kuti pabenchi pali anthu anga.” Kenako anandipatsa mbale kuti ndipukute.

Kope lija ndikadali nalo. Mizere iwiri ija ikadalipo, ndi inki yobiriwira. Popanda anthu, nambala faifi. Ndi anthu, nambala folo. Ndinabweretsa anthu, anapeza faifi. Mwina akanapeza faifi yomweyo tikanakhala phee kumapeto kwa benchi monga amayi ankanenera, ndipo ndikanakhala ndi ufulu wotukwana majaji ndi mtima woyera. Ufulu umenewo ndinadzilanda ndekha, ndi foni ya amayi.