Khasu pa Tsiku la Maliro

Ndinakwatiwa ku Wovwe, m'boma la Karonga, kuchokera ku Dowa ndisakudziwa kanthu za mpunga kupatula kuudya. Amuna anga ndiwo anandiphunzitsa kufesa nazale, kuwokera m'matope chowerama mpaka msana kuuma, ndi kuingitsa mbalame mpaka mawu kusasa. Atamwalira anandisiyira ana awiri, mtsikana ndi mlongo wake wamng'ono, komanso munda umodzi kunja kwa sikimu ya mpunga wothirira, m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Mundawo sunali wanga. Kumeneko munda ndi wa banja la mwamuna, ana nawonso ndi akuchimuna, pakuti malowolo anaperekedwa ndipo abale anga analandira akuseka, osafunsa kuti zinthu zikadzavuta kudzakhala bwanji.

Titameta maliro, alamu anga, akulu awo a malemu, anandikhazika pansi pa mtengo wa mango.

“Mlamu, khalani,” anatero. “Munda limani, ŵana dyetsani. Kweni mukadzalephera, ŵana abwera kwa ine, imwe mukapume kwanu.”

Sanali munthu woipa, ndipo sanakweze mawu. Koma ndinamva bwinobwino. Munda ukamabala ndine mayi wa pakhomopo, ukadzaleka ndine mlendo wotsalira.

Vuto linali mtsinje. Unasintha khalidwe ife tikuona ndi maso athu. Kumapiri mitengo inatha ndi makala, mvula nayo inayamba misala: dzuwa lokhalokha masabata angapo, kenako kukhuthuka tsiku limodzi ya mwezi wathunthu. Madzi ankatsika ofiira, atanyamula zitsa ndi mchenga. Chaka china anandidyera ngodya ya munda pamodzi ndi nthochi zimene amuna anga anabzala. Kuyambira pamenepo mtambo ukangoda kumapiri, ndinkathamangira kukayang'ana munda.

Ndiye anthu a bungwe lina atabwera kudzakamba za kusefukira kwa madzi, ine ndinakhala kutsogolo ngati mwana wa sukulu wofuna kukondedwa ndi aphunzitsi. Anati iwo satimangira kanthu. Timanga tokha dayiki, chimtumbira chachitali cha dothi ndi matumba a mchenga chotchinga mtsinje, iwo angotipatsa matumbawo, mafosholo, mawilibala ndi udzu wa vetiva wobzala pamwamba kuti dothi ligwirane. Mawu amenewo ndinawakonda. Tinali titatopa ndi anthu obwera kudzatijambula titanyamula ufa wa chithandizo.

Tinasankha komiti, wapampando wake mayi wina wojintcha amene mawu ake ankamveka kutsidya kwa mtsinje popanda kukuwa. Ntchito inagwirika, ndisaname. Amuna ankakumba, ife tikusenza dothi m'mabeseni, nyimbo ili pakamwa. Anzanga ankandiseka Chitumbuka changa chopindika, ine n'kumawabwezera kuti Chichewa chawo n'chodwala malungo. Kuyambira pamene ndinaferedwa, m'miyezi imeneyo m'pamene ndinayambanso kuseka kuchokera pansi pa mtima. Ndinkaona kuti mudzi wonse ukundimangira mpanda, ine ndi ana anga.

Tinayambira kumtunda kutsika nawo mtsinje, ndipo poti munda wanga unali wotsiriza kumunsi, gawo langa linali lomalizira. Pamenepo panalinso njira ya ng'ombe yopita kukamwa madzi, ndiye eni ng'ombe anapempha kuti mpata umenewo utsekedwe pamapeto penipeni. Ndinavomera. Ndikanakana bwanji, ine wobwera? Mwezi wa Marichi unafika mpatawo uli yasa. Kwathu ku Dowa nthawi imeneyo mvula imakhala ikutsanzika, anthu akuotcha mondokwa, koma ku Karonga m'pamene imakhala yavula malaya. Mpunga wanga wa kilombero unali utatenga pakati, ukadutsa m'mawa fungo lake kumachita kukutsatira.

Tinapangana kutseka mpatawo Lachisanu. Lachinayi kunamveka mfuu. Anamwalira bambo wina wachikulire, mmodzi mwa amene ankakankha wilibala mwakhama kuposa anyamata. Ndinamulira moona, chifukwa ankandisungira fosholo yopepuka tsiku lililonse. Koma mwambo ndi mwambo: m'mudzi mukagwa maliro, khasu siligunda pansi kufikira mtembo utaikidwa, kupatula makasu okumbira manda. Kwathunso zili choncho. Kusiyana kwake n'kwakuti malemuwa anali ndi mwana ku Joni, ndipo abale anati saika mpaka iye atafika.

Tinadikira. Ndinkakhala m'nyumba ya siwa pakati pa amayi, pakamwa pakuyimba nyimbo za chitonthozo, maso ali pa zenera. M'mudzimo dzuwa linkaswa mtengo, koma pamwamba pa mapiri panali bii tsiku ndi tsiku, mphezi zikung'anima masana. Nditalephera kupirira ndinakokera wapampando kuseri kwa khitchini.

“Mama, amuna ochepa okha,” ndinatero. “Dzuwa lisanafike pamutu atha. Matumba alipo kale.”

Anandigwira dzanja. “Pali nyifwa, mama. Khasu yayi. Ine ndikatuma munthu, mawa anena kuti mdala uyu tamudya ndife a komiti. Zizipizgani, pirirani pachoko.”

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandikwiyitsa kwambiri. Tinali titaphunzitsidwa kuwerenga mitambo, kuimba wezulo madzi akamakwera, kuthawira ku sukulu. Palibe anatifunsa kuti nanga mtsinje ndi maliro zikadzabwera sabata imodzi tidzatani. Ifenso eni ake sitinadzifunse.

M'mawa wa tsiku loika, mwana wa ku Joni atafika, ndinazemba. Ndinatenga khasu kunyumba n'kudzera m'minda ya chinangwa. Pa mpata paja ndinayamba kuthira mchenga m'matumba ndi kuwakoka ndekha. Thumba la mchenga wonyowa si katundu wa munthu mmodzi. Ndinkakoka, kugwa, kudzuka, ndikutukwana ng'ombe, eni ake, ndi amuna anga omwe amene anandisiya m'dziko la eni. Mzere woyamba usanathe n'komwe ndinamva kutsokomola kumbuyo. Anali alamu anga ndi amayi awiri a ku mpingo.

“Mlamu, mukutichititsa soni,” anatero alamu. “Munthu wagona m'nyumba, imwe muli na jembe? Kwanu mumachita nthena?”

“Wakufa wafa!” ndinakuwa. “Ana anga ali moyo!”

Amayi aja anagwira pakamwa. Ndinadziwa pomwepo kuti mawu amenewo afika kumanda ine ndisanafike. Ena amati ndinalakwa kuyankhula choncho, koma lero lomwe nditabwerera pa mpata uja ndikhoza kukuwanso chimodzimodzi. Alamu anandilanda khasu mofatsa, ngati mmene umalandira mpeni kwa mwana, ndipo tinayenda kupita kumanda ine ndili pakati.

Abusa ali mkati mopemphera, dzuwa likuwala, kunamveka mkokomo ngati thiraki ikudutsa pa mlatho. Mvula inali itagwa kumapiri, ife osaona ndi dontho lomwe. Anthu anatsegula maso pemphero lisanathe. Atangokwirira, amuna anathamangira kumtsinje ndi makasu omwe aja a kumanda, wapampando ali patsogolo chitenje chili m'manja. Anapeza zatha kale.

Dayiki yathu inagwira, ndipo tinaimanga bwino zedi. Kuyambira kumtunda mpaka kumunsi sinagumuke pena paliponse. Madzi onse amene zaka zina ankamwazikana m'minda ya anthu ambiri, aliyense n'kulawako pang'ono, tsiku limenelo anatsetsereka m'mbali mwa dayiki kufunafuna polowera, n'kupeza khomo limodzi. Ataphwera, munda wanga unali bwalo la mchenga woyera wofika m'mawondo. Apa ndi apo nsonga ya mpunga inkasuzumira. Ndinakhala pansi pamenepo osalira, misozi inachita kukana.

Sabata yotsatira mudzi wonse unabwera kudzatseka mpata uja, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atamaliza, monga ndinanenera. Anthu a bungwe anabweranso, anayamikira, anajambula minda yobiriwira imene inapulumuka. Ndipo inapulumukadi, mabanja ambiri anakolola chaka chimenecho amene akanagona ndi njala. Sindinganene kuti ntchitoyo inali yachabe. Koma kumjigo ndinayamba kumva manong'onong'o akuti mtsinje sulakwitsa, unalondola munda wa munthu amene anagwira khasu pa maliro.

Ndinayesa kuchotsa mchenga ndi beseni lomwe lija ndinkasenzera dothi la dayiki. Alangizi a zaulimi atadzaona anapukusa mutu, anati pamenepa mpunga uiwaleni kwa zaka zingapo, mwina mbatata. Wapampando anandibweretsera mpunga wake kangapo, mwakachetechete, osandiyang'ana m'maso. Ndinayenda maganyu m'minda ya anzanga omwe ndinkayimba nawo. Sizinakwane. Ana anayamba kukadya chamasana kwa alamu, kenako chamadzulo, kenako mphasa zawo zinasamukira komweko. Palibe anandithamangitsa. Tsiku lina alamu anangondifunsa ngati mayi anga ku Dowa sakundisowa.

Ndinakwera basi pa msewu waukulu, mwana wanga wamkazi atandinyamulira chikwama. Wamng'onoyo anauzidwa kuti ndikupita kukaona odwala.

Pano ndili ku Dowa, ndimalima fodya wa achimwene anga. Ndikaimba foni ya alamu, mtsikana wanga amandiuza kuti dayiki ilipobe, vetiva wakula kufika m'chiuno, ndipo akuti midzi ina ikubwera kudzaphunzira. Ndimayankha kuti zili bwino. Mwezi wathawu ndinapempha kuti ndilankhule ndi mnyamata wanga. Anabwera akupuma wefuwefu, anali ku mpira. Anandipatsa moni mwaulemu kwambiri, ngati mmene mwana amalonjerera mlendo wa ku mpingo. Kenako ndinamva mkazi wa alamu anga akufunsa chapatali kuti akuyankhula ndi ndani.

“Palije kanthu, amama,” anayankha mwana wanga. “Ni ŵa ku Dowa ŵala.”