Amayi Okana Mafuta a Nsomba

Amayi oweta nsomba kuseri kwa chigayo sauzidwa chochita. Chakudya cha nsomba zawo amasakaniza okha, n'kuthiramo mafuta a mpendadzuwa m'malo mwa mafuta a nsomba. Asanamwaze m'dziwe amayamba alawa kaye. "Sindingaphetse nsomba khumi kuti ndinenepetse imodzi," amatero.

Tsiku lina mlamu wawo, wogulitsa zakudya za ziweto, anafika atanyamula chigubu cha mafuta a nsomba. "Alamu, liuma lanuli likupweteketsani. Nsomba zanu zipinimbira," anatero.

Amayiwo anangolunjika kudziwe. Anaponya ukonde, n'kuvuula nsomba, n'kumuponyera mlamuyo imodzi yonenepa pachifuwa. Mlamuyo anataya chigubu kuti aigwire ndi manja awiri.

"Yopinimbirayo ndi imeneyo, alamu," anatero amayiwo. "Tolani chigubu chanucho, chikundinunkhitsira dziwe."