Njerwa ya Amalume mu Ndowa ya Madzi

Zopita ku Lilongwe sindinaziganize ndekha, inandiganizira ndi mbuzi. Inali mbuzi ya ahedi, yakuda, ya ndevu ngati mkulu wa mpingo. Ine ndinangoimangirira ku chingwe cha belu la sukulu n'kuiikira kholowa patali pang'ono. Ikati ifikire kholowa, belu ngee! Ikati ibwerere, ngee! Ana a Fomu 1 anatuluka m'kalasi kanayi m'mawa umodzi. Poti aka kanali kachitatu kuitanidwa ku ofesi, ahedi anandipatsa kalata yondichotsa sukulu ndi sutikesi yanga, ndili Fomu 3. Mpaka lero ndikaikumbukira mbuzi ija ndimaseka ndekha. Amayi okha ndiwo sanaseke.

Ndinakhala pamudzi, kuseri kwa Mbulumbuzi, miyezi iwiri ndikungodya. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo nyumba imene anatisiyira inali itapendekeka, yochirikizidwa ndi mtengo wa bulugama kumbuyo. Mvula ikamagwa, amayi ndi mlongo wanga Esnati ankasuntha mphasa kufunafuna pouma. Nditamva kuti ku Lilongwe akumanga likulu latsopano ndipo akulemba aliyense wa manja awiri, ndinawauza amayi kuti ndikupita, ndipo ndiwamangira nyumba ya njerwa zootcha.

"Iwe Edi? Kukhala pa benchi kwakukanika, ndiye nyumba?"

Anatero, koma anagulitsa nandolo wawo n'kundipatsa ya basi.

Ku Lilongwe ndinalembedwa udakaboyi, kutanthauza kuti wokanda simenti ndi kuperekera njerwa kwa amisiri. Chingerezi changa cha Fomu 3 chinandithandiza kuwerenga zolembedwa pa thumba la simenti basi. Tinkagona asanu ndi mmodzi m'kamsasa ka malata, fumbi lofiira mpaka m'mano. Zala zinang'ambika, ndinkazipaka girisi. Anzanga ankaseka kayankhulidwe kanga, ati Mlomwe wabwera kudzamanga likulu la eni. Ine ndinkawabwezera, wina ndinamusokera miyendo ya buluku akusamba. Koma Lamulungu, onse akapita kumowa, ndinkakhala pa mulu wa mchenga osadziwa chochita ndi tsiku lathunthu. Panalibe munthu woti ndimufunse ngati kalongonda wacha kwathu. Kawiri konse ndinalira, ndikunamizira fumbi.

Mwezi ukatha ndinkathamangira ku positi kukatumiza ndalama, n'kutsala ndi ya ufa ndi matemba. Mayankho ankalemba Esnati, amayi akumuuza zolemba. Anali makalata afupiafupi. Amalume aumba njerwa. Amalume aotcha uvuni. Maziko atha, tikuthokoza Mulungu. Amalumewo ndi a Gelesoni, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu. Paunyamata wawo anamangapo kagolosale ndi zimbudzi za kutchalitchi, ndiye nditalemba kuti tipeze mmisiri, yankho linabwera la mzere umodzi: amalume akuti ndalama zisapite kwa alendo iwo alipo.

Kuntchito ndinkaba nzeru ndi maso. Kapitawo wathu, a Nyirenda, anandionetsa levulo, kathabwa kokhala ndi kadiso ka madzi pakati koonera ngati khoma lawongoka. Anandionetsanso kuyesa njerwa: uwombanitse ziwiri, yopsa bwino imalira ngati chitsulo. Ndipo Lachisanu lililonse kunkabwera bwana woyendera ntchito, chipewa choyera kumutu, kabuku m'manja. Sankakuwa. Ankangoyang'ana khoma, n'kulemba, mawa lake khomalo tikugumula. Ine ndinkamusirira munthu ameneyo kuposa mmene ndinasiririrapo mphunzitsi aliyense.

Mu Okutobala anandipatsa tchuthi cha sabata imodzi. Ndinabwereka levulo ya a Nyirenda ndi chipewa choyera cha mu sitolo ya zipangizo. Eni ake sindinawavutitse ndi kuwauza.

Ndinatsika basi pa Mbulumbuzi dzuwa lili paliwombo, n'kuvala chipewa chija ndisanalowe m'mudzi. Nyumba ndinaionera patali. Makoma anali atafika m'mawindo. Amalume anali pamwamba pa thabwa loyalidwa pa migolo iwiri, mpeni womangira m'manja, ndipo amayi asanu ndi mmodzi a m'mudzi ankatunga madzi okandira dothi. Amayi anga anathamanga n'kundigwira manja onse awiri, akuyang'ana zala zanga zong'ambikazo.

"Afika a bwana!" anakuwa amalume. "Chipewacho n'cha usilikali?"

"N'cha oyendera nyumba, amalume. Ndabwera pa ntchito."

Onse anaseka, inenso ndinaseka. Poyamba zinali zocheza ndithu. Ndinatulutsa kabuku, ndikuyenda manja kumbuyo ngati bwana uja. Ndinaika levulo pa khoma la kumsewu: kadiso kanathawira kumapeto. Ndinaika pa la kumunda: kanathawira kwinako. Ndinalowa m'kati n'kuwerenga zipinda. Pa pepala limene ndinatumiza ndinajambula zitatu ndi pabalaza, koma apa panali ziwiri. Kenako ndinatola njerwa ziwiri pa mulu. Zinali zotumbuluka, osati zofiira. Nditaziwombanitsa zinangoti phu, ngati mbatata zophika, ndipo ina inasiya ngodya yake m'dzanja langa.

Esnati anandikokera pambali. "Achimwene, nkhuni zinasowa. Mitengo kuno mukudziwa inatha. Amalume anadula mango umodzi, zotsalazo anasonkhezera mapesi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Moto unayaka tsiku limodzi basi."

Tsiku limodzi! Uvuni umafuna moto wa masiku atatu. Miyezi khumi ya simenti m'zala zanga inali itaima pamenepo, dothi loŵaula chabe, mvula ili pakhomo.

Munthu wanzeru akanadikira kuti anthu abalalike. Ine ndinaona ndowa ya mayi a Joni, mmodzi wa otunga madzi aja, ili yodzaza, itangotulidwa kumene. Ndinanyamula njerwa imodzi, n'kuionetsa kwa onse ngati wamatsenga wa pamsika, n'kuiviika. Madzi anachita thovu, kenako anafiira. Nditapisa dzanja ndinatulutsa phala lokhalokha likuyenderera m'zala.

"Amalume, izizi n'zomangira kapena n'zomwera tiyi?"

Mayi a Joni anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi. Anzawo anagwira pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Ndinene zoona, kwa kamphindi kameneko ndinamva kukoma kwambiri.

Amalume anatsika pa thabwa pang'onopang'ono. Anapukuta mpeni wawo ndi udzu, n'kuukulunga m'chiguduli.

"Mlongo," anatero kwa amayi, osandiyang'ana ine, "mwana wako wabwera ndi nzeru za ku likulu. Amalize."

Anapita kwawo, ndipo amayi otunga madzi aja anatola ndowa zawo mmodzimmodzi.

M'mawa mwake ndinakwera pa thabwa ndekha. Dothi ndinakanda bwino, imeneyo ndiye ntchito yanga. Koma ngodya ndinali ndisanaimitsepo chibadwire. Mizere itatu imene ndinaika inatuluka mimba, ndinaigumula ndekha Esnati akuyang'ana kumbali kuti ndisachite manyazi. Ndinapita kumsika kwa Che Ajusa, mmisiri wodziwika dera lonse lino. Anandimvetsera mpaka kumaliza, akusisita ndevu.

"Ine kukakwera pa khoma la a Gelesoni, iwo ali moyo? Iyayi, mwanangu. Mawa tikakumana pa maliro tidzayang'anana bwanji?"

Ndinafunsa za njerwa zina. Kuumba, kuyanika, kuotcha, mwezi ndi theka, ndipo nkhuni zake zogula kutali pa ngolo. M'thumba mwanga munali ya basi yobwerera ndi ya shuga wa amayi.

Tsiku lachitatu masana kunagwa chizimalupsa, kamvula koyamba kaja kongozimitsa fumbi. Sikanathe ndi ola lomwe. Ndinathamanga ndi masaka ndi mphasa yakale kuphimba pamwamba pa makoma, koma makoma anayi munthu mmodzi sungawakumbatire. Itakata, ndinaima n'kumayang'ana timizere tofiira tikutsika pakhoma ponse mpaka pa maziko.

Amayi ndinawapeza pakhonde la nyumba yakale akusenda nandolo.

"Amayi, nyumba ija siidutsa madzinja awiri."

"Ukuganiza kuti sindikudziwa? Njerwazo ndinasenza ndekha kuchokera pa uvuni. Zina zinkandiphwanyikira pamutu."

"Nanga bwanji simunandilembere?"

"Ukanatani? Ukanatumiza nkhuni pa positi?"

Kenako ndinafunsa za chipinda chachitatu, chija ndinalembapo dzina langa pa pepala.

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Chako? Iwe mawa upeza mkazi, ukakhala kwawo, ukafolera nyumba ya apongozi ako. Pano patsala ine ndi Esnati ndi ana amene adzabereke. Khoma lija likadzang'aluka, ndidzagogoda kwa ndani? Kwa chipewa chakocho? Amene adzabwere ndi makwerero ndi mlongo wanga. Amene adzandiike m'manda ndi yemweyo. Ndiye iwe wamuvula pamaso pa akazi a eni." Anataya makoko m'lichero. "Gwira tambala wofiira uja. Upite naye kwa amalume ako lero, ukapepese."

Tambala anandithamangitsa kuzungulira nkhokwe kasanu, ngati nayenso anali mbali ya amalume. Ndinapita naye, amayi ali pambuyo panga. Ndinagwada pabwalo, chipewa ndinasiya kunyumba, ndipo ndinanena mawu onse amene amayi anandiphunzitsa m'njira. Amalume anamuyeza tambala kulemera kwake m'manja, n'kupatsira akazi awo.

"Ukanandiitanira kuseri," anatero motsitsa mawu. "Ukuyesa ine sindidziwa kulira kwa njerwa? Ndinazungulira midzi inayi kufuna nkhuni. Ndikanadikira, amako akanagonanso m'madzi chaka chino." Anakhosomola. "Denga tidzalitulutsa kwambiri, khonde kuzungulira, mvula isamenye khoma. Tidzamata dothi lochindikala. Ikhala mmene ingakhalire."

Za ndowa zija sindinalape, ndisanamize munthu. Njerwa inasungunuka, ndipo nkhope ya mayi a Joni ndidzafa nayo ndikuseka. Chimene chinandiwawa n'china. Ndinachoka ku Lilongwe ndikuganiza kuti ndikukayendera nyumba yanga, ndikudziwa zimene iwo sakudziwa. Ndinapeza kuti aliyense ankadziwa kale, kuyambira Esnati mpaka otunga madzi, ndipo anali atagwirizana kumanga chomwecho, chifukwa iwo ndi amene adzakhalepo khoma likamadzagwa, n'kulidzutsanso. Ine ndinali mlendo wotumiza ndalama, amene wabwera kudzachita phokoso sabata imodzi.

Masiku awiri otsalawo amalume anakweranso pa thabwa. Levulo sanaifune, ndipo ine sindinaitulutse m'chikwama. Ndinaima pansi n'kumawaperekera njerwa, iliyonse ndi manja awiri, mosamala, kuopa kuti ingasweke isanafike pa khoma la amayi.